Kilatchi yayamba kuterereka nditawonjezera boost: ndisinthe iyo yokha, kapena flywheel ndi giyabokosi yomwe?

Blobeye03
Akuluakulu, ndabwera ndi nkhani. Ndili ndi Subaru Impreza WRX ya 2003, ya magiya asanu. Miyezi iwiri yapitayo ndinaika turbo yokulirapo ndi ma injector ena, kenako tinaitchuna pa dyno, makina oyezera mphamvu ya galimoto. Ili yatsopano inkatulutsa torque (mphamvu yozunguza ya injini) pafupifupi 300 Nm, pano yafika 410 Nm. Sabata yoyamba ndinkangosekerera ndekha pachiwongolero. Lero chimwemwe chija chatha. Ndikaponda moto mu giya 4 kapena 5, boost (mpweya umene turbo imapanikizira mu injini) ikangolowa cha pa 3,500 rpm, singano ya ma rev imathamanga yokha koma galimoto osawonjezera liwiro, kenako kafungo ka chinthu chopsa. Mu giya 1 ndi 2 sizikuchitika.

Maganizo anga ndi awa: ndigule kilatchi ya ceramic ya 6-puck (yogwira ndi tizigamba tisanu ndi kamodzi m'malo mwa nkhope yathunthu) yopanda masipuling'i pakati, ija amailemba kuti stage 3, ndi flywheel (chitsulo chozungulira cha pa injini chimene kilatchi imagwirapo) ya aluminium ya 4.5 kg. Giyabokosi ndiye sindikudziwa, ndiisiye kapena ndiyambe kusaka ya STI (Impreza yamphamvu kuposa WRX) ya magiya asanu ndi imodzi. Galimotoyi ndimayendera kuntchito tsiku lililonse, ku track ndimapita katatu kapena kanayi pachaka. Ndithandizeni ndisanataye ndalama.

Madala_Sipanala
Achimwene, kilatchiyo yatha, pamenepo palibe zokambirana. Imayamba kuterereka m'magiya apamwamba chifukwa kumeneko ndi komwe injini imakumana ndi katundu weniweni. Mu giya 1 galimoto imamvera msanga, ndiye kilatchi siifika povutika. Mukapitiriza kuiyendetsa chonchi mupsereza nkhope ya flywheel, idzatuluka ili ndi mawanga abuluu ndi timing'alu.

Koma imani kaye pa 6-puck yanuyo. Ndagwira sipanala zaka zoposa makumi atatu, ndipo chomwe anyamata safuna kumva ndi ichi: kilatchi ndi fyuzi ya galimoto yanu. Mphamvu ikachuluka, pamafunika china chake chogonja. Pa galimoto yokoka ndi matayala awiri, matayalawo amazungulira pamalo, utsi fwaa, mphamvu yathera pomwepo. Yanuyi imakoka ndi onse anayi, matayala amagwira msewu gwa. Mukaika kilatchi yosagonja, chotsatira pamzere ndi mano a giya. Fyuzi mwaichotsa, mwamangapo waya wa mpanda.

Aise_Launch
Madala mukuopseza mwana wa eni. Ine ndili ndi 6-puck chaka chachiwiri tsopano, imaluma ngati ng'ona. Aise gula stage 3 basi, ukagula yofewa udzatsitsanso giyabokosi chaka chamawa.

GiyaYachiwiri
Aise_Launch, inenso ndinkayankhula choncho. Dzina langa pagulu panoli silinabwere mwangozi. WRX yanga inali ndi mphamvu yofanana ndi ya Blobeye03, ndinaika 4-puck yopanda masipuling'i. Tsiku lina pa track ndinakweza ma rev mpaka 5,500, n'kungochotsa phazi pa pedulo. Kawiri zinatheka, anthu akuwomba m'manja. Kachitatu ndinachoka bwinobwino, pomenya giya 2 ndinangomva phwaa, kenako gwedegwede ngati wina wathira miyala m'chitini. Titatsegula, giya 2 inali yopanda mano asanu, tizidutswa tili mbwee mu oyilo, tina titalowa kale mu diff yakutsogolo. Sindingaloze chala munthu, wolakwa ndinali ine ndi phazi langa. Galimoto inakhala pa majeki miyezi isanu.

Aise_Launch
Pepani akulu. Komabe zimatengera woyendetsa.

GiyaYachiwiri
Eya, zimatengera woyendetsa. Woyendetsa aliyense amadziona ngati wosamala mpaka tsiku limene mnzake waima pambali pake akuliza injini.

Aphunzitsi_Fiziki
Ndilowererepo pa nkhani ya ma stage. Mawu akuti stage 1, stage 2, stage 3 alibe muyezo umene makampani onse anagwirizana. Stage 2 ya Exedy si chimodzimodzi ndi stage 2 ya kampani ina, ndipo ena monga ACT amatchula zinthu zawo ndi mayina ena. Chofunika kuyang'ana ndi nambala ya torque imene kilatchiyo inalembedwa kuti ingapirire. Onaninso ngati nambalayo ndi ya pa crank kapena ya pa matayala, ndipo ya dyno yanu ndi iti, chifukwa ambiri amasokonezeka pomwepa. Enanso amalemba mu lb-ft. 1 lb-ft ndi pafupifupi 1.36 Nm, ndiye 410 Nm yanuyo ndi cha m'ma 300 lb-ft.

Torque imene kilatchi ingagwire imachokera ku zinthu zinayi zochulukitsana: mphamvu imene pressure plate imapanira, kukhakhala kwa zomatidwa pa puleti, kukula kwa puletiyo kuchokera pakati, ndi kuchuluka kwa nkhope zokhudzana. Mukhoza kukweza chilichonse mwa zinayizi, koma chilichonse chili ndi msonkho wake. Mukakweza kupana, pedulo imalemera. Mukasankha ceramic, kilatchi imasanduka switchi, kuyaka kapena kuzima, pakati palibe, ndipo imadya flywheel. Mukaika twin plate ngati za OS Giken, nkhope zimakhala zinayi m'malo mwa ziwiri, ndiye imagwira kwambiri pedulo isanalemere, koma thumba limalira ndipo zambiri zimachita phokoso mukaponda pedulo.

Kwa 410 Nm, puleti ya organic yathunthu, ya masipuling'i pakati, ndi pressure plate yolimbirako, zikukwanirani. Sankhani yolembedwa nambala yoposa yanu pang'ono, mwina ndi gawo limodzi mwa magawo asanu, osati kuwirikiza kawiri.

Blobeye03
Zikomo aphunzitsi. Nanga masipuling'i a pakati pa puletiwo ntchito yake n'chiyani kwenikweni? Ine ndimaganiza kuti ndi malo ofooka chabe, ndinaonapo chithunzi cha ina atathothoka.

Madala_Sipanala
Injini siizungulira mosalala ngati mota ya magetsi. Silinda iliyonse ikaphulika imakankha crank, kenako kamphindi kachete, kenako ina. Pa injini ya masilinda anayi ndi zibakera ziwiri pa kuzungulira kumodzi. Masipuling'iwo amalandira zibakerazo zisanafike ku input shaft. Mukawachotsa, chibakera chilichonse chimafika chathunthu ku ma spline ndi ku mano a giya. Pa galimoto ya mpikisano sadandaula, giyabokosi amaitsegula kawirikawiri. Inu mukufuna kupita nayo kuntchito Lolemba. Amathothoka inde, koma kawirikawiri ndi pamene munthu waika puleti yofooka pa injini yamphamvu, kapena analekerera giyabokosi kulendewera pa puleti poikweza.

Evo_Wanga
Musaiwalenso thrust bearing ya crank. Nthawi iliyonse mukaponda kilatchi, mphamvu ya pressure plate imakankha kapena kukoka crank cham'litali. Ife a 4G63, injini ya Mitsubishi Evo, mawu akuti crank walk (crank kumasewera cham'litali bearing imeneyi ikadyeka) timawadziwa bwino, ndipo pressure plate yolemera mopitirira siithandiza. Choipa kwambiri ndi kuliza injini m'mawa mutaponda kilatchi yolemera, oyilo asanafike pa bearing. Komanso chizolowezi choima pa roboti phazi lili pa pedulo, chisiyeni. Ikani neutral.

Blobeye03
Chabwino, 6-puck ndayamba kuikayikira. Tibwere ku flywheel. Ya 4.5 kg ija ndi yabwino? Amati imawonjezera mahatchi.

Aphunzitsi_Fiziki
Siwonjezera hatchi ngakhale imodzi. Injini imapanga mphamvu yomwe ija. Kusiyana kwake n'kwakuti mphamvu yochepa imathera pozunguza chitsulocho, yotsalayo imapita ku matayala. Phindu lake limaoneka pokhapokha ma rev akamakwera, ndipo limadalira kwambiri giya imene muli.

Tiwerengere limodzi, manambala ongoyerekeza. Tinene kuti flywheel yatsopano yachepetsa moment of inertia (kuvuta kwa chinthu kuchizunguza) ndi 0.05 kg m². Kuti tidziwe kuti zikufanana ndi kutsitsa katundu wolemera bwanji m'galimoto, timatenga ratio yonse, kugawa ndi theka la kutalika kwa tayala, yankho n'kulichulukitsa ndi lokha, kenako ndi 0.05 uja. Giya 1 ikhale 3.45, final drive (ratio ya mu diff) 3.9, tikachulukitsa 13.5. Tayala 0.31 m. Yankho likutuluka pafupifupi 95 kg, ngati mwatsitsa munthu wamkulu wonenepa bwino. Tsopano giya 5 ya 0.74: pamodzi 2.9, yankho ndi 4 kg yokha basi. Ndiye mu giya 1 ndi 2 mudzaimva ndithu, koma pa msewu waukulu mu giya 5 simudzaona kusiyana.

Chinanso, musamangoyang'ana sikelo. Kilogalamu yochotsedwa m'mphepete mwa flywheel ili ndi phindu lalikulu kuposa yochotsedwa pafupi ndi mabawuti, chifukwa mtunda wochokera pakati umachulukitsidwa ndi wokha. Ma flywheel awiri olemera mofanana akhoza kumveka mosiyana kwambiri.

NaTDI
Ine galimoto yanga si ya gulu lanuli, ndi Golf ya dizilo yotchunidwa, koma ndinaphunzira kanthu pa flywheel. Yanga inabwera ndi dual mass, ija ya zitsulo ziwiri zolumikizidwa ndi masipuling'i aatali mkati. LuK ndi amene anayamba kuzipanga zambiri mu 1985, cholinga chake kumeza kunjenjemera kwa injini kusanafike ku giyabokosi. Itatha, ndinasankha ndekha kuika single mass yopepuka. Ma rev anayamba kukwera mokoma, koma pa idle giyabokosi imalira tchetchetche ngati makina osokera, ukaponda kilatchi phokoso zii, ukachotsa phazi labwerera. Mwamuna wanga anandifunsa katatu ngati galimoto yawonongeka. Ndazolowera, koma akanandiuza poyamba ndikanaganiza kawiri. Achimwene a Blobeye03, yanu ndi ya petulo ndipo flywheel yake ndi yachitsulo chimodzi kale, ndiye sizidzafika pamenepa, koma mukapepukitsa kwambiri kaphokosoko kadzabwera.

Madala_Sipanala
Achemwali anena zoona. Ndipo pa Subaru pali vuto lina. Kompyuta ya injini imadziwa kuti silinda yaphonya poyang'ana mmene liwiro la crank likusinthira pakati pa kuphulika kumodzi ndi kwina. Flywheel ikapepuka kwambiri, crank imadumphadumpha mwachibadwa, kompyuta n'kuganiza kuti pali misfire. Nyali ya check engine imayaka, makodi P0301 mpaka P0304, inu n'kuyamba kusintha mapulagi ndi ma coil opanda mlandu. Zikafika poipa ndi pamene munthu waika flywheel yopepuka ndi crank pulley yopepuka nthawi imodzi. Sankhani chimodzi.

Onjezani apa kunyamuka pa chitunda muli anthu anayi m'galimoto ndi AC yoyaka. Flywheel yolemera imasunga mphamvu yokuthandizani kuchoka. Ya 4.5 kg ndi ceramic pamodzi, mumdipiti wa magalimoto, mudzazimitsa injini mpaka a kumbuyo akudziweni dzina. Ine ndikanatenga ya chromoly ya pakati pa 6 ndi 7 kg. Ya aluminium ili ndi nkhope yachitsulo yomangidwa ndi tizibawuti, imasinthika inde, koma pa galimoto ya tsiku ndi tsiku chitsulo chimodzi chathunthu chimandipatsa tulo.

Aise_Launch
Nanga bwanji osangopita nayo yakaleyo kwa a lathe akaisende? N'zotchipa.

Madala_Sipanala
Ayi, ayi, ayi. Kupala nkhope pang'ono kuti isalale ndi nkhani ina, izo timachita. Koma kusenda flywheel ya cast iron kuti ipepuke ndi kupanga bomba. Mphamvu imene chitsulo chozungulira chimasunga imakwera kanayi ma rev akawirikiza kawiri. Ikasweka pa 7,000 rpm imaboola bellhousing, chikopa chophimba kilatchi ndi flywheel, ngati pepala, ndipo pa galimoto ngati iyi mapazi anu ali chapafupi pomwepo.

Aphunzitsi_Fiziki
N'chifukwa chake a mipikisano ya drag amafuna flywheel ndi kilatchi zokhala ndi chizindikiro cha SFI 1.1 (muyezo wa chitetezo wa bungwe la SFI la ku America), ndipo magalimoto othamanga kwambiri amawaikira bellhousing yotchinga zidutswa. Malamulowa anabwera anthu atavulala. Don Garlits, katswiri wa drag wa ku America, anaduka mbali ya phazi lamanja mu 1970 pa Lions Drag Strip ku California, transmission itaphulika ponyamuka n'kudula galimoto pakati. Atachira anapanga dragster ya injini kumbuyo kwa woyendetsa, anapambana nayo mu 1971, ndipo posakhalitsa onse a Top Fuel, gulu la ma dragster othamanga kwambiri, anatsatira. Yake inali transmission osati flywheel, koma phunziro la zitsulo zozungulira pafupi ndi miyendo ndi lomwelo. Pogula flywheel, funsani za SFI.

Blobeye03
Mwandiopsa mokwanira. Tsono giyabokosi. Ndisake ya STI?

GiyaYachiwiri
Ine ndinadutsa njira imeneyo itasweka yanga, ndiye ndikuuzeni zomwe sindinauzidwe. Ya magiya asanu ndi imodzi inayamba ndi STI ya GDB (kodi ya STI ya m'badwo wachiwiri), ndi yolimba kwambiri, yaikulu ndiponso yolemera kuposa yanuyo. Koma musaganize kuti mugula bokosi lokha n'kumanga. Pangafunike kilatchi ndi flywheel zakezake. Pamafunika shifter ndi ndodo zake, propshaft ya utali woyenera, ndipo kawirikawiri ma axle. Ngati bokosilo lili ndi DCCD, centre diff yoyendetsedwa ndi magetsi, mufunikanso kabokosi koiyendetsa, apo ayi izingokhala yotseguka.

Chachikulu kuposa zonse ndi final drive. Diff yakutsogolo ili mkati mwa giyabokosi, yakumbuyo ili payokha, ndipo ziwirizi ziyenera kugwirizana. Ma Subaru ena ali ndi 3.9, ena 4.11, ena 4.44, ndipo mabokosi ena ali ndi transfer ya 1.1 imene imafuna 3.54 kumbuyo. Mukasakaniza, matayala akutsogolo ndi akumbuyo amafuna kuthamanga mosiyana, centre diff imalimbana nazo mpaka kupsa. Werengani kodi yolembedwa pa bellhousing, musakhulupirire pakamwa pa wogulitsa. Ambiri amangotenga zonse pa galimoto imodzi, bokosi ndi diff yakumbuyo ya R180 ndi ma hub ake, kuti asavutike.

Ndiye taonani: mukagula kilatchi ndi flywheel za magiya asanu lero, n'kusintha bokosi chaka chamawa, zonsezo mukhoza kuzitaya. Gamulani za bokosi kaye.

Evo_Wanga
Palinso njira yapakati, kusiya chikopa cha bokosi lanu n'kuikamo magiya olimba, monga a PPG a ku Australia. Alipo a helical okhala ndi synchro, alipo a straight cut, alipo a dog.

Aise_Launch
Dog box ndiye zenizeni! Kulira kwake kuja ngati ndege.

Madala_Sipanala
Mwasakaniza zinthu ziwiri, mwana wanga. Kulirako kumachokera ku mano owongoka, straight cut. Mano opendekera a helical amalowana pang'onopang'ono, n'chifukwa chake ali chete, koma amakankhira shaft cham'mbali ndipo bearing ndi chikopa zimasenza katunduyo. Owongoka sakankha choncho. Dog ndi nkhani ya mmene giya imakolera. M'malo mwa synchro, imene imayamba yafananitsa liwiro mwa kukhuzana, pamakhala zibuluma zochepa zikuluzikulu zongokolana. Imafuna dzanja lachangu ndi lotsimikiza. Mukaisintha mwaulemu ngati mukupereka moni kwa apongozi, zibulumazo zimagundana n'kuperepeseka m'makona, kenako giya imayamba kutuluka yokha. Ndi chida cha rally ndi track. Kupita nayo kuntchito n'kudzizunza.

Kwa Blobeye03 ndinena mosabisa. Pa 410 Nm, bokosi la magiya asanu likhoza kukhala zaka ngati simulimenya. Chimapha mabokosiwa kawirikawiri si torque yokwera bwinobwino, koma kudzidzimutsa: kutaya kilatchi ponyamuka, kumenya giya 2 phazi lili pansi, ndi kuponda moto wonse mu giya 5 ma rev ali pansi. Uzani wotchuna uja achepetse kaphiri ka torque pamene boost ikulowa, aisunthire mphamvuyo kumtunda kwa ma rev. Galimoto idzathamanga chimodzimodzi, mano adzapuma. Koma ngati mumtima mukudziwa kuti chaka chamawa mufuna 500 Nm, lekani kugula zapakatikati, sungani ndalama za bokosi la STI. Walira mvula walira matope.

Blobeye03
Kunena zoona turbo imeneyi yafika pamapeto ake, ndipo mayi a kunyumba andiuza kale kuti ina ikabwera ndikagona nayo ku garaja. Ndikhala pa magiya asanu. Organic ya masipuling'i, chromoly ya 6 kg ndi kanthu. Tikamatsitsa bokosi ndisinthenso chiyani?

Madala_Sipanala
Release bearing ndi pilot bearing, musafunse n'komwe. Rear main seal muione, ikangoonetsa chinyezi sinthani, chifukwa oyilo akadontha pa puleti yatsopano mwabwerera poyambira. Onani foloko ngati ili ndi mng'alu, ndi mphuno imene release bearing imayendapo ngati yadyeka. Mabawuti a flywheel mumange ndi torque wrench motsatira buku, modumphadumpha ngati nyenyezi, osati ndi mfuti ya mpweya. Nkhope ya flywheel ndi ya pressure plate muzipukute ndi brake cleaner, zimabwera zopakidwa mafuta oletsa dzimbiri. Girizi pa ma spline akhale wochepa kwambiri.

Chenjezo limodzi: kilatchi ya WRX ya chaka chanucho ndi pull type, release bearing imakoleka mu pressure plate. Musanalekanitse bokosi ndi injini, chotsani pulagi ya m'mbali mwa bellhousing, mukoke shaft ya foloko pomangamo bawuti ya M6. Ndaonapo anthu akulimbana ndi bokosi tsiku lonse ndi zitsulo zotemera, osadziwa kuti foloko ndi imene yagwira.

Oyilo akhale 75W-90 wa GL-5, chifukwa diff yakutsogolo ya hypoid imasamba mu oyilo yemweyo. Wina akakuuzani kuti GL-4 ndi wabwino kwa synchro, akunena za mabokosi ena.

NaTDI
Ndipo muipatse nthawi yokhazikika. Opanga ambiri amati pafupifupi 800 km ya kuyenda kwa m'tauni, kuima ndi kunyamuka, popanda boost yonse. Ya pa msewu waukulu siiwerengedwa chifukwa kilatchi simuigwiritsa ntchito. Ine inandivuta kwambiri ndi imeneyi, phazi limayabwa.

Blobeye03
Ndabweranso patatha masabata asanu ndi awiri. Tinatsitsa bokosi Loweruka lina, foloko ija inatuluka monga munanenera madala. Flywheel yakale inali ndi mawanga abuluu atatu, rear main seal inali itayamba kale kulira, ndiye tinasintha. Yatsopano ndi ya 6.3 kg. Masiku awiri oyamba ndinazimitsa injini kanayi, pano phazi laphunzira. Pedulo yalemerako pang'ono koma mwendo sutopa. Ndinapirira 850 km, kenako tinabwerera pa dyno, kaphiri ka torque tinakatsitsa kufika 390 Nm ndipo kumtunda sitinataye kanthu. Giya 4 pa boost yonse, singano ndi liwiro zikukwera limodzi. Check engine sinayake. Pa idle AC ikayaka pali ka tchetchetche kakang'ono, NaTDI munanena.

Chatsala n'chakuti giya 3 ikukhwekhwereza pang'ono ndikasintha mwachangu pamwamba pa 6,000 rpm. Kale sinkatero, kapena mwina sindinkaimva.

Madala_Sipanala
Musanaweruze synchro, yesani ichi. Pamalo afulati, handbrake pansi, ikani giya 1, pondani kilatchi mpaka pansi, mukweze ma rev. Galimoto ikasuntha ngakhale pang'ono, kilatchi siikumasula mokwanira. Chotsani mpweya mu slave cylinder, muonenso ndodo ya master cylinder pa pedulo ndi paipi ya labala ija ngati yayamba kufufuma. Ikapanda kusuntha, tiuzeni oyilo amene munathira.